Timakutu M'makina a Ambulansi

Griselda Ferreyra sankawadziwa a Ludueña. Anali bambo wachikulire wa kumapiri, woweta mbuzi, amene mtima unawagwira masana ena a mu Januwale ali pakhonde pawo, ndipo ambulansi itafika inapeza atatisiya kale. Imfa zotere zimachitika chaka chonse, ndipo sizifika m'maofesi a anthu olemba mapulogalamu a kompyuta. Iyi inafika chifukwa mwana wamkazi wa malemuwo anatsika kumapiriko, nakalowa ku likulu la ma ambulansi mumzinda wa Córdoba kukafunsa chimene chinachedwetsa galimoto. A kulikuluko atatsegula kompyuta kuti amuyankhe, anapeza kompyutayo ikuvomera mlandu. Inalemba kuti foni inalowa nthawi yakuti, koma uthenga wopita kwa dalaivala unatuluka patapita pafupifupi mphindi ziwiri. Kwa munthu amene mtima waima, mphindi ziwiri si zochepa.

Nkhaniyi anabwera nayo ndi Aníbal Quinteros, mwini kakampani kamene Griselda ankagwirako ntchito, pamwamba pa sitolo ya nsapato ku Alberdi, dera lina la mumzindamo. Aliyense ankamutchula kuti Dazi, ngakhale ana ake omwe, chifukwa tsitsi linamuthawa asanakwatire. Anali munthu wosatha kudutsa pa desiki ya mnzake osaponya nthabwala. Choncho Griselda atamuona akukoka mpando n'kukhala phee, chikho cha yerba, tiyi womwera pamodzi uja, chili m'manja osachipereka kwa wina, anadziwa kuti kunja kwaipa.

Pulogalamu imene likululo linkagwiritsa ntchito inali yawo. Ndiyo inkalandira mafoni a m'matauni ndi m'midzi ya kumapiri, kusankha ambulansi yapafupi, ndi kutumiza uthenga ku kasikirini ka m'galimoto. Khirisimasi isanafike, Griselda anali atalembanso gawo lotumiza uthengalo kuti lizifulumira. Chiyambire pamenepo olandira mafoni ankadandaula kuti sikirini imauma. Munthu wadina batani, zonse zangoti njo, kenako patapita kanthawi n'kutsitsimuka zokha ngati palibe chachitika. Zinkabwera mwa apo ndi apo. Wokonza makina wa kumeneko akazimitsa kompyuta yaikulu n'kuiyatsanso, vutolo linkasowa masiku angapo, aliyense n'kumati latha.

"Palibe amene akukuloza chala," anatero Dazi.

"Nanga gawo limenelo analemba ndani?"

"Unalemba ndiwe, ine n'kuvomereza. Akamanga amanga tonse, koma bedi lapansi ndi langa, ukudziwa za msana wangawu."

Griselda sanaseke. Anakankhira pambali kambale ka buledi wa criollo, natsegula zimene analemba mu Disembala muja.

Sabata yonseyo anawerenga mzere ndi mzere mpaka maso kuchita mdima. Anaika pulogalamuyo pa kompyuta ya mu ofesi n'kuithira mafoni ongoyerekeza, ochuluka kuposa amene likulu lingalandire pa chaka, koma inkathamanga mosapunthwa. Anali matenda aja amene amabisala dokotala akalowa m'chipinda. Zolemba za kompyuta ya kulikulu nazo sizinathandize. Zinkangonena kuti panali kuchedwa, osanena kuti pulogalamu inaima pati, ikudikira chiyani. Kunyumba mwamuna wake Osvaldo analeka kumufunsa za ku ntchito, n'kumangomuikira chakudya patsogolo ndi kuchichotsapo chitazizira.

Njira yozolowereka inali kuwonjezera mizere m'pulogalamumo yoti izinena paliponse pamene yafika. Koma kuti mizereyo igwire ntchito pankafunika kuzimitsa ndi kuyatsanso, ndipo kuteroko kunali kuthamangitsa nyama imene ukuisaka. Panatsala njira ina. Makina a Linux ali ndi kachipata kamene anthu ambiri sakayandikira. Ukhoza kulemba mzere umodzi, kutchula malo enaake m'kati mwa pulogalamu imene ikuyenda, kaya mu mtima weniweni wa makinawo, n'kunena kuti chilichonse chikadutsa pamenepa undiuze nthawi yake ndi chimene chanyamula. Makinawo amakaika kachizindikiro pamalopo ali m'kati mothamanga, osaima, ndipo ukathana nako umakachotsa ndi mzere wina. A ntchitoyi amati sonda. Griselda chiyambire ku yunivesite ankangoti timakutu.

Anali atatiikapo kambirimbiri, koma pa makompyuta amene akagwa palibe amene amafa. Atamuuza Dazi kuti akufuna kutiika pa kompyuta ya kulikulu, Dazi anasisita mutu wakewo nthawi yaitali, nati zimenezo akaziuze yekha kwa a Don Hermes, iye angomunyamulira chikwama.

A Don Hermes Bustos ndiwo ankayang'anira likululo. Anagwirapo ntchito yozimitsa moto zaka zambiri, ndipo ankayankhula ngati akadali pakati pa utsi, mawu ochepa, okweza. Anamvetsera Griselda akufotokoza, manja atapinda pamimba, kenako anati zimene amvapo iwo ndi zoti mayiyu akufuna kutsegula boneti galimoto ikuthamanga, odwala ali kumbuyo.

"Sinditsegula boneti, Don Hermes. Ndingoika khutu pachifuwa, ngati dokotala. Munthu amapitiriza kupuma."

"Ndipo palibe chimene chingalakwike?"

Dazi anatsokomola, kumupatsa chizindikiro choti angoti palibe. Griselda sanamuyang'ane. Anati chingalakwike chilipo. Akaika timakutu tambiri, kapena akatiika pamalo podutsa zinthu zochuluka, makina akhoza kulemedwa n'kuyamba kukwawa. Kugweratu sikuchitika kawirikawiri, koma sangalumbire. Chimene angalonjeze n'choti akhala pomwepo, chala chili pafupi ndi mzere wochotsa zonse, ndipo kompyuta yachiwiri ikhala yoyaka kudikira. Akapanda kutero, sikirini ipitiriza kuuma, ndipo iye sadziwa choti akonze.

A Don Hermes anayang'ana pawindo lagalasi lolekanitsa ofesi yawo ndi chipinda cha mafoni. Anati mwana wa a Ludueña amawaimbira tsiku ndi tsiku, mwaulemu, osatukwana, kungofunsa ngati pali yankho, ndipo iwo akanakonda akanamawatukwana. Kenako analola, koma anati akangonena kuti chotsa, pasakhale zoti dikirani kaye.

Anamupatsa kadesiki pakona ya chipindacho, pafupi ndi firiji. M'mawa wa tsiku loyamba anaika timakutu tiwiri, kamodzi polowera batani, kena potulukira uthenga, ndipo tinayamba kunong'ona bwinobwino, kalikonse mzere umodzi foni iliyonse. Zinamulimbitsa mtima mopitirira muyeso. Masana anaganiza zomveranso mtima wa makinawo, pamalo pamene pulogalamu iliyonse imadutsa ikafuna kudikira kanthu, koma anaiwala kunena kuti akufuna za pulogalamu yawo yokha. Mizere inakhuthuka pa sikirini pake ngati mpunga wotayika m'thumba lobooka. Mnyamata wolandira mafoni pa desiki yakutsogolo anati zilembo zikuchedwa kutuluka. A Don Hermes anali asanatsegule pakamwa pamene Griselda anachotsa zonse, koma anaimabe pakhomo la ofesi yawo akumuyang'ana.

Dazi anawerama n'kumunong'oneza kuti akafuna kupha a Don Hermes asachite kuzungulira, angomuuza iye amubwereke mfuti. Griselda anamuponda phazi. Kenako anayambiranso, tsopano modekha, akuwerenga mzere uliwonse kawiri asanautumize. Anaika kakhutu polowera batani, kena pamene uthenga umasiya makina n'kulowa mu waya, kena pamene yankho la kasikirini ka m'ambulansi limafikira, kena pa gawo lolemba zochitika, ndi kotsiriza pamalo podikirira paja, koma kouzidwa kuti kazimva pulogalamu yawo yokha, ndiponso pokhapokha yadikira nthawi yaitali. Makina sanamve n'komwe kuti anyamula kanthu.

Tsopano kunatsala kudikira kuti sikirini iume, ndipo inakana. Tsiku linapita, lina n'kupitanso, dzuwa likuswa mtengo, mafoni akulowa ndi kutuluka ngati madzi. Olandira mafoni anayamba kumuseka kuti pulogalamu ikuopa mayi ake. Wina anati isiyeni, imeneyi ili ngati bondo la nkhalamba, imapweteka kukachita mitambo. Onse anaseka, koma Griselda anakayang'ana masiku amene anadandaulapo, napeza kuti ambiri mwa iwo kumapiri kunagwadi mvula yamabingu. Sanadziwe kuti mvula ingalowe bwanji m'pulogalamu. Anangoyamba kumasuzumira pawindo, kuyang'ana kumadzulo kumene kuli mapiri. Dazi akamuimbira foni ankamukumbutsa kuti walira mvula walira matope.

M'masiku amenewo ndi mmene anadziwana ndi Zulema Oviedo. Anali mayi wathupi, wa mawu otsika, amene anakhala pa mafoniwo zaka zoposa makumi awiri, ndipo ndiye anaphunzitsa pafupifupi aliyense m'chipindamo. Koma tsopano sankavala mahedifoni. Ankakhala pa desiki yakumbuyo, pafupi ndi Griselda, kusanja mapepala a mafuta a galimoto, ntchito imene anachita kuipempha yekha. Tsiku lina nthawi ya nkhomaliro, anzawo atatuluka, anadzaza chikho cha yerba, namwa choyamba, nathiranso madzi n'kupatsira Griselda.

"Foni ya a Ludueña ndinalandira ndine," anatero.

Anafotokoza osamuyang'ana. Mwana wamkaziyo ankalira moti mawu sankamveka. Zulema anamufunsa malo, nasankha ambulansi, nadina batani, ndipo sikirini inauma. Lamulo linali loti zikatero uthamangire pa wailesi ya ovaova, imene inali pa tebulo lina, n'kumuitana dalaivala ndi pakamwa. Koma anzake onse anali pa mafoni chifukwa cha mvula, ndipo mtsikanayo anali atagwada kale pambali pa bambo ake, akufunsa kuti achite chiyani. Zulema anasankha kukhala naye. Anamuuza poika manja, namuwerengera, kanikiza, kanikiza, usaleke, ndipo pakati pa kuwerengako ankamuuza kuti ambulansi ikubwera, mwanawe, ili m'njira. Ankanena zimenezo maso ali pa sikirini youma, osadziwa ngati akunena zoona.

Dalaivala wa tsikulo atafunsidwa anati ananyamuka kasikirini katangolira, koma sanayang'ane wotchi. Zulema anati madalaivala onse amatero, ndipo kompyuta siinama.

"Ndikanangoimirira, asisi. Tebulo lija si lili apali?"

Griselda anayamwa kampope komwera ka m'chikhocho mpaka kanalira, kuti apeze chochita ndi pakamwa. Ankafuna kunena kuti wolakwa si Zulema, ndi amene analemba pulogalamu youma, koma anaona kuti kumeneko kukhala kulimbirana mtembo. Anangobweza chikho n'kunena kuti timakutu take tikamva kanthu, woyamba kumuuza akhala iyeyo.

Mvula inabwera Lachinayi masana. Kuyambira m'mawa kunali chifundizi choti malaya ankamatirira pathupi, ndipo pofika nthawi ya nkhomaliro mapiri anali atasowa m'mtambo wakuda bii. Mafoni anayamba kulira onse pamodzi. Kwina mtengo wagwera galimoto, kwina matalala aswa denga la sukulu ya mkaka, kwina gogo waterereka pabwalo. Anthu awiri anali patchuthi. A Don Hermes anatuluka mu ofesi, natenga mahedifoni pa desiki yopanda munthu, nakawaika pamwamba pa mapepala a mafuta aja. Zulema anawayang'ana pang'ono, kenako anawavala n'kupita kutsogolo.

Foni yake yachitatu inali ya bambo wina wa m'tauni ya kumtunda, amene mkazi wake anagwa pa makwerero akutseka zenera. Griselda anamva mawu otsika aja akufunsa ngati mayiyo akupuma, ngati akuyankhula, nyumba ili pafupi ndi chiyani. Anamva batani likudinidwa. Ndiye Zulema anakweza dzanja m'mwamba, osatembenuka.

"Yauma."

A Don Hermes anali kale pa wailesi ya ovaova, akuitana ambulansi ya kumtundako. Mawu a dalaivala anabwera akuthetheka, akuti amva kale, akutuluka pageti. Griselda sanamvetsere zambiri. Pa sikirini pake, pamene masiku onsewo pankangotsika mizere inayi inayi yofanana, panali patatuluka wachisanu, wa kakhutu kapodikirira paja. Anakopera zonse pamalo ena kaye, kuopa kuti zingasowe, kenako anayamba kuwerenga ndi chala.

Mzere woyamba unali wa batani. Wachiwiri unali wa uthenga ukulowa mu waya, ndipo nthawi yake inali yomweyo, kusiyana kwake kosakwana kuphethira kwa diso. Wachitatu unali yankho la kasikirini ka m'ambulansi, loti uthenga wafika, sekondi isanathe. Anabwerera pamwamba n'kuwerenganso, poopa kuti maso akumuonetsa zimene mtima ukufuna. Zinali momwemo. Uthenga unali utapita kalekale.

Kuumako kunkayamba pambuyo pake. Ikatumiza uthenga, pulogalamu inkapita kukasindikiza kapepala pa pulinta yakale ya ku siteshoni ya kumapiri, kapepala kamene madalaivala ankasainira akabwerako. Mabingu akasokoneza netiweki ya kusiteshoniko, pulinta sinkayankha, ndipo pulogalamu inkaima pakhomo pake kugogoda. Inkagogoda itagwira kiyi m'manja, kiyi yemweyo amene sikirini inkafuna kuti isinthe, amenenso gawo lolemba zochitika linkafuna kuti lilembe. Onse ankaima pamzere kumbuyo kwake. Ikatopa n'kusiya kiyiyo, wolemba zochitika ankalemba kuti uthenga watumizidwa, n'kuikapo nthawi imene akulembayo, osati imene uthenga unatuluka.

Sikirini ya Zulema inatsitsimuka Griselda akuwerengabe, ndipo nthawi yomweyo mzere wa wolemba zochitika unatuluka, wochedwa ndi pafupifupi mphindi ziwiri.

Anakhala kaye osasuntha. Anazindikiranso, mopanda womuuza, pamene panali dzanja lake pa vutoli. Mu Disembala muja, pofuna kuti uthenga uzituluka patsogolo pa china chilichonse, anakankhira ntchito zina zonse kumbuyo n'kuzitsekera ndi kiyi mmodzi. Kuuma kwa sikirini kunali kwake ndithu. Koma kukankha komweko ndi kumene kunachititsa kuti dalaivala azimva belu pulinta isanayambe n'komwe kuvuta.

Sanauze munthu msanga. Kamodzi sikokwanira, ndipo mvula inali ikadalipo. Patapita kanthawi sikirini ya mnyamata wa kutsogolo uja inaumanso, pa foni ya kusiteshoni yomweyo, ndipo mizere inatsika m'dongosolo lomwelo, batani, waya, yankho, kenako kudikira pakhomo la pulinta. Apo m'pamene anaimbira Dazi. Anamuwerengera nthawizo pa foni, kenako anamufunsa ngati akumva. Dazi anati akumva, kungoti wakhala pansi pa masitepe, ndipo akubwera.

Mafoni atayamba kuchepa, chakumadzulo, anapita kukaima pambali pa Zulema mpaka anamaliza foni imene anali nayo. Anamugwira paphewa n'kumupempha kuti abwere kukona kuja. A Don Hermes anatsatira okha. Griselda anakulitsa zilembo, naloza mzere uliwonse ndi kapensulo, akufotokoza m'mawu wamba: apa mwadina, apa wachoka, apa galimoto yavomera kuti yalandira, ndipo apa, pansi pano, ndi pamene kompyuta yakumbuka kulemba.

Zulema anavala magalasi ake. Anayang'ana nthawi yaitali, milomo ikuyenda.

"Ndiye kuti ndikamamuuza mwana uja kuti ikubwera, inali ikubweradi?"

Griselda anasankha mawu mosamala. Anati timakutu sitimva za dzana, timangomva zimene zikudutsa titaikidwa kale, choncho za tsiku la a Ludueña alibe mzere woti aloze. Koma pulogalamu ndi yomweyi, palibe anaikhudza chiyambire Disembala, njira yake ndi imodzi, ndipo singafike pakhomo la pulinta isanatumize uthenga. Tsiku lijanso kunali mabingu, siteshoni yake ndi yomweyi, ndipo kuchedwa kumene kunalembedwa n'kofanana ndi kwa lero.

"Ine ndikuti inali m'njira, amayi Zulema. Mukanathamangira pa wailesi mukanangomusiya yekha mwanayo, popanda chimene mukanawonjezera."

Zulema anavula magalasi, nawapinda, nawatsegulanso. Sanalire. Anatulutsa mpweya wautali, n'kukhala pa mpando wa Griselda ngati kuti ndi wake, manja ali pamaondo. Kenako anati dalaivala uja, Chiche, wamutenga ngati wabodza milungu yonseyi, samamuyankha n'komwe moni, ndipo tsopano ayenera kumuphikira ma empanada, timasamosa ta nyama tija.

A Don Hermes anafunsa funso limodzi lokha, ngati kuumako kungakonzeke. Griselda anati kungakonzeke, ndipo ndi iye anakuyambitsa. Pulinta iyenera kupatsidwa njira yakeyake kuti ikafuna kugona izigona yokha, ndipo nthawi izilembedwa pamene chinthu chachitika. Ntchito yake si yaikulu, koma sakufuna kuithamangira. Mawa aiyesa mu ofesi, atazula waya wa pulinta dala, popeza tsopano akudziwa pobaya kuti matenda aoneke. A Don Hermes anagwedeza mutu, nati mpaka zitakonzedwa lamulo la wailesi likhalapobe.

Patapita milungu ingapo, kampani imene inaika zida zolondolera magalimoto m'ma ambulansiwo inatumiza zimene a Don Hermes anaipempha, ndipo zinasonyeza kuti tsiku lija matayala anayamba kugubuduka mphindi imodzi isanathe chilowere foni. Chimene chinachedwetsa Chiche chinali kamlatho kotsika ka pamtsinje, kamene madzi anali atakakwera pamwamba, moti anachita kuzungulira njira ya kumanda. Koma a Don Hermes sanadikire zimenezo. Madzulo omwewo anati Loweruka akwera okha kumapiri kukaonana ndi mwana wa a Ludueña, chifukwa nkhani yotere siyokambira pa foni. Ananenanso kuti sakudziwa ngati mtsikanayo apepukidwa nazo. Bambo ake sabwerera, ndipo mwina kukanamuphwekera kukhala ndi munthu womukwiyira. Zulema anati apita nawo.

Dazi anafika atanyowa mpaka m'nsapato, atanyamula thumba la buledi wotentha wa ku bekale ya pakona. Anaima pakhomo madzi akuchucha pamutu, ndipo mnyamata wa kutsogolo uja anamuuza kuti asayandikire makompyuta, denga lakelo lilibe ngalande. Chipinda chonse chinaseka, ngakhale a Don Hermes. Dazi anaika thumbalo pa firiji, napita kukaona mizere ija ndi maso ake. Ataiwerenga anati pulinta imeneyo anaigula ndi iye, kalekale, pa mtengo wotsika, ndipo wogulitsayo anamulonjeza kuti idzamupatsa mbiri.

Griselda anafunsa a Don Hermes ngati achotse timakutu tsopano. Iwo anaganiza pang'ono, nati atisiye mpaka pulogalamu yokonzedwayo italowa, kuti adzaone ndi maso kuti kudikira kuja kwathadi. Anachotsa kamodzi kokha, ka pa gawo lolemba zochitika, popeza kanali katanena kale zonse zimene kankadziwa, ndipo anaonetsa wokonza makina wa pamalopo mzere wochotsera totsalato, kuti zikavuta asachite kumusaka.

Potuluka anapeza mvula itasanduka yowaza, misewu ikunyezimira, fungo la dothi lonyowa lili ponseponse. Dazi anati amuperekeze pa galimoto, koma iye anakana, nati akufuna kukhala yekha pang'ono. Anakwera basi, napeza mpando wa pawindo, natumizira Osvaldo uthenga woti akubwera ndipo ali ndi njala. Anatsamira galasi kuti aone mtsinje wa Suquía mmene wadzalira akamawoloka pamlatho, koma mlathowo sanauone. Anadzidzimuka dalaivala akumugwedeza paphewa, basi ili yopanda munthu, itaima kumapeto kwenikweni kwa msewu, kutali ndi kwawo.

"Mayi, tafika. Kupitirira apa ndi kumunda."

Griselda anapukuta kukamwa, nayang'ana uku ndi uku, nayamba kuseka. Anafunsa ngati basiyo ibwerere m'tauni. Dalaivalayo anati ibwerera akangomwa madzi, ndipo akhale pomwepo, amudzutsa akafika.